Mkamwini ndi apongozi pa thumba limodzi

Pamene ankandipatsa ukapitawo pa nyumba yogulira mpunga ku Kota Kota, ndinali nditangochoka kumene pa sukulu ya mishoni, ndipo ndinkakhulupirira kuti anthu amayendetsedwa ndi pepala. Ndinkayenda pensulo ili pakhutu kuti aliyense aione.

Ntchito yake inali yosavuta. Amayi ankapeta mpunga n'kumathira m'matumba, abambo n'kumagwira thumba kukamwa, likasokedwa n'kulisenza kupita kudoko. Anthuwo anazolowera kusankhana okha awiriawiri. Ine ndinati chimenecho n'chipwirikiti, ndipo ndinalemba mndandanda wanga: wamphamvu azigwira ndi wochedwa.

Mwamuna wina wa ku Dwambazi, wanyonga kuposa onse, ndinamuika ndi mayi wina wachikulire. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo anangokhala ngati wamulodza. Ankagwira thumba nkhope atalozetsa kukhoma, mayiwo akuthira atadziphimba nsalu kumaso, mpunga uli mbwee pansi. Ndikakalipa ankangoti, "Pepani, a kapitawo."

Lachitatu mzungu woyang'anira anaona mpunga wotayikawo. "Ameneyu Loweruka achoke," anatero, akuloza mwamunayo. Ndinavomera, ngakhale ndinkadziwa kuti mkazi wa munthuyo anali woyembekezera.

Masana amenewo mkulu wosoka matumba, atabwera kuchokera kumzikiti, anandikokera kuseri.

"Mwanangu, sukulu mwapita ndithu. Koma papepala lanulo munalembapo kuti uyu anakwatira mwana wa yani? Mayi amene mwamupatsa wa ku Dwambazi uja ndi apongozi ake. Mukufuna aziyang'anana m'maso?"

"Nanga bwanji sananene?"

"Munafunsa ndani?"

Ndinachita manyazi osaneneka. Inenso ndinali mkamwini, ndipo ndikaona apongozi anga akubwera m'njira ndinkapatukira m'tchire, minga kaya minga. Mwambo ndinkaudziwa bwino. Anthu anga ndiwo sindinkawadziwa.

Ndinapita ku ofesi kwa mzungu uja. "Bwana, wotaya mpunga uja ndine. Munthuyo asachoke."

Ndinafotokoza za chipongozi, koma mzunguyo sanamvepo kanthu. Anangoti, "Sitima ya Loweruka ikachoka matumba atatsala, muchoka nonse awiri."

M'mawa mwake ndinasonkhanitsa anthu. Ndinawauza poyera kuti ndinalakwa, ndipo aliyense agwire ndi yemwe akumufuna. Tsikulo ndi lotsatira lake ndinkazungulira n'kumafunsa: kwanu n'kuti, uyu ndi ndani wanu, msana ukuti bwanji? Luso limeneli ndinagwira nalo ntchito mpaka kukalamba, ndipo sindibisa, ndinadzakhala kapitawo wabwino.

Loweruka mwamuna uja anasenza ngati anthu atatu. Sitima italiza wezulo, panali patatsala thumba limodzi, iye akupuma movutika, malaya atanyowa ndi thukuta. Apongozi ake anaima chomufulatira, n'kulankhula kwa ine mokweza kuti iye amve.

"A kapitawo, auzeni bambo a kunyumbawo akhale pansi. Lotsalalo musenze ndinu."

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinawerama kuti andisenzetse.