Kufunafuna Kwawo kwa Mpongozi Wanga

Mwana wanga atandiuza kuti wapeza mbeta, ndinavina m'khitchini mpaka aneba a pansi pathu anagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache. Nyumba za ku Dennistoun, dera lathu kuno ku Glasgow m'dziko la Scotland, n'zosanjikizana, ukangosangalala pang'ono anthu onse amadziwa. Mtsikanayo ndinkamudziwa kale. Ndi namwino, waulemu wake, wobadwira ku Govan, dera lina la mumzinda womwewu. Ine ndinalibe naye vuto. Vuto linali kwa achimwene anga ku Dedza.

Kwathu mwini mbumba ndi malume. Bambo ake a mwanayu anamwalira kalekale, choncho mawu a achimwene ndiwo anali omaliza, ndipo mwana wangayo ananena yekha kuti sakwatira malume ake asanavomere. Ndinaimba foni ndili ndi chimwemwe changa chonse.

"Kwawo ndi kuti?" anafunsa achimwene.

"Ku Govan."

"Imeneyo ndi tauni. Ine ndikufunsa kwawo. Mudzi, mfumu, boma. Kukagwa zovuta uthenga tidzatumiza kuti?"

"Achimwene, azungu alibe zimenezo."

"Ndiye anagwa kumwamba? Mukafufuze, achemwali. Popanda mudzi ine sindivomera."

Ndinapsa mtima, koma achimwene anga ukakangana nawo umangotha mpweya. Ndinafunsa mtsikanayo. Iye anati makolo ake anasiyana iye ali khanda ndipo analeredwa ndi agogo ake aakazi. Bambo awo a agogowo anachokera ku Poland, ndipo wodziwa zonse ndi agogowo.

Loweruka tinakwera basi atatu, ine, mwana wanga ndi bwenzi lakelo. Ndinatenga kope momwe ndinalembamo mitu itatu ija. Ndinatenganso nkhuku, poti kwa apongozi supita chimanjamanja. Yamoyo kuno ungaipeze kuti? Ndinanyamula youma gwa ya mufiriji, ndipo inandizizira pamiyendo njira yonse. Agogowo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anailandira, kuiyang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa ngati firiji yanga yawonongeka.

Titamwa tiyi anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza mapepala achikasu. Dzina la bambo awo linali ndi zilembo zothithikana ngati anthu m'minibasi, sindinayese n'komwe kulitchula. Ndinatsegula kope langa.

"Tiyambe ndi dziko," ndinatero. "Poland, eti?"

"Zitengera chaka," anayankha agogowo.

Anayala mapepala patebulo. Loyamba linali la ubatizo, ndipo linkati bambo awo anabadwira m'dziko la Austria. Ndinalemba Austria. Lachiwiri linali la kusukulu, lolembedwa Poland. Ndinafufuta n'kulemba Poland.

"Ndiye anasamuka ali mwana," ndinatero.

"Ayi. Nyumba yomweyo, chitsime chomwecho. Amene ankasamuka ndi malire."

Nkhondo yaikulu yachiwiri itabuka, kunabwera asilikali a ku Russia, kenako a ku Germany, kenako a ku Russia aja anabwereranso. Lero malowo ali ku Ukraine. Pofika apa tsamba langa linali litabooka ndi kufufuta. Ndinkangoganiza kuti achimwene ndikawauza chiyani. Ndikati mtsikanayu kwawo ndi maiko asanu, adzati ndayamba kumwa.

"Chabwino," ndinatero, "tisiye dziko. Mfumu yake ndani?"

Agogowo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mafumu analipo ambiri, ndipo aliyense pobwera ankasintha dzina la mudziwo. Kenako kuseka kunatha. Anati nkhondo itatha, anthu a mtundu wawo anawakweza sitima n'kuwapititsa kumadzulo, ng'ombe ndi miphika yomwe. Bambo awo anali msilikali, ndipo nkhondoyo inawafikitsa ku Scotland. Poti kobwerera kunalibe, analowa ntchito yokhoma sitima zapamadzi ku Govan mpaka makutu anagontha. Za kwawo sankakamba. Ankangophika supu wofiira wowawasa Lamlungu lililonse, n'kumadya okha poti ana ankamukana.

"Ndinkati ndidzawafunsa mawa," anatero agogowo. "Dzina la amayi awo ndinalidziwira m'chitini muno, iwo atapita."

Ndinamva chisoni, zoona. Koma chinkhoswe chinali chikudikira, ndiye ndinaimbira achimwene pa foni ya kanema n'kuiimika pa botolo la shuga. Anaonekera atavala jekete, mphuno ili pafupi ndi galasi. Ndinamasulira nkhani yonse, dziko ndi dziko. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye mudzi palibe," anatero pomaliza.

"Malo alipo, anthu ake ndi ena."

"Mfumu palibe."

"Palibe."

Anapukusa mutu. Ndinaona mtsikana uja atagwira dzanja la mwana wanga mwamphamvu. Agogowo anafunsa chimene bamboyo wanena, ndipo nditawauza sanakwiye ayi. Anati funsolo ndi labwino kwambiri, mwakuti nawonso akufuna kulifunsa. Anatembenukira kwa mwana wanga.

"Nanga iwe mnyamata, mudzi wa kwanu dzina lake ndi chiyani? Mfumu yake ndani?"

Ndinakhala tsonga monyadira. Apa ndiye tiwaonetsa, ndinatero mumtima. Mwana wanga anakanda m'mutu. Anayang'ana kudenga. Kenako, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chija chomeza mawu, anati, "Ndi cha kufupi ndi Dedza, eti amayi? Kuli phiri."

Mayo ine! Kuli phiri! Mwana wa zaka makumi atatu, amene ndinamuphunzitsa katekisimu yense, sadziwa dzina la mudzi umene unabala mayi ake. Ndinalakalaka kulowa m'chitini chija n'kudzitsekera. Apa sipanafunike kumasulira, achimwene anamva okha. Anayamba ndi kugwedeza mapewa, kenako anaseka mpaka foni inagwa, ife n'kumangoona malata a nyumba yawo.

Atatola foniyo anapukuta misozi.

"Akwatirane," anatero. "Apezana okhaokha osadziwa kwawo. Koma mtsikanayu mudzi wake anachita kumulanda ndi mfuti. Nanga mwana wathuyu, achemwali, anamulanda ndani?"

Agogowo anandigwira pamkono kufuna kudziwa chimene chanenedwa. Ndinawauza kuti malume avomera, ndipo anthu onse anaomba m'manja. Mawu otsalawo sindinamasulire.