Nthutumba Ndinadya Ndine

Alamu anga, mchemwali wamkulu wa amuna anga, ankanditcha buloila, nkhuku yachizungu ya nyama ija. Ankati ndimangonenepa koma sindiikira. Anayamba kunenera kumbali, kenako pamaso panga, mpaka tsiku lina ananena pa phwando lolangiza mkwatibwi ku Matero, amayi onse n'kufa nacho chikhakhali. Inenso ndinaseka nawo, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kuseka kumeneko.

Tinali titakhala m'banja zaka zinayi ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, popanda mwana. Msambo unkabwera pamene wafunira, thupi linkangokula, ndipo pachibwano panamera tindevu timene ndinkazula m'mawa amuna anga asanadzuke. Ku kiliniki atandiunika anati ndili ndi timatuza tambirimbiri m'matumba a mazira, komanso thupi langa silikugwirizana ndi shuga. Anesi anati kubereka n'kotheka, koma ndisinthe kadyedwe. Zakumwa zotsekemera, mabanzi ndi zitumbuwa ndiiwale, mafuta ndichepetse, nsima ikhale ya mgaiwa ndiponso yochepa, masamba ndi nyemba zichuluke. Anatinso amuna anga abwere adzayezedwe. Iwo anakana, ati wavuto wapezeka kale.

Loweruka lina amuna anga anandiuza, maso ali pafoni, kuti mawa lake alamu abwera ndi mlendo akaweruka ku tchalitchi, ndiye ndiphike nkhuku ya kumudzi. Za mlendoyo ndinazimvera kumpopi, kwa mayi wina woyandikana nafe amene ankapemphera ndi alamuwo.

"Ba neba, simunamve?" anatero motsitsa mawu. "Bakubweletselani kamtsikana. Ati kazankala pa nyumba kukuthandizani vinchito, koma nkhani ni ya mwana. Na bamuna banu baziba."

Ndinasenza chigubu changa kubwerera kunyumba. Misozi siinabwere. Chimene chinabwera ndi ukali, woti ndikanakumana ndi alamuwo panjira bwenzi pano tikukamba zina.

Lamlungu ndinapha nkhukuyo ndekha, n'kuisosola, n'kuidula m'mfundo monga anandiphunzitsira alangizi ndisanalowe m'banja. Kenako ndinasenda khungu lonse. Anesi anali atanena kuti mafuta amabisala m'khungumo, zoonadi, koma ndinkadziwanso kuti alamu anga nkhuku amaidyera khungu. Ndinaliponyera galu wa eni nyumba n'kuimirira kumuonerera mpaka anamaliza.

Magetsi anali atathima, ndiye ndinakoleza mbaula. Mafuta ndinathira supuni imodzi yokha. Nyama itafiira mbali zonse ndinaika anyezi, adyo ndi jinja wosinja, kenako matimati anayi, kamchere ndi madzi osafika n'komwe pamwamba pa nyama. Ndinavundikira, n'kuphula makala ena kuti moto ukhale wofatsa. Nkhuku ya kumudzi ndi yamakani, imafuna munthu woleza mtima, ndipo tsiku limenelo mtima ndinauleza. Inawira pang'onopang'ono mpaka msuzi unakhuthala wokha popanda ufa. Pambali ndinaphika nyemba, masamba a maungu otendera, amene kuno timati chibwabwa, ndi timabilinganya ta impwa, n'kutakasa kansima ka mgaiwa kochepa. Zoziziritsa kukhosi sindinagule. Ndinati ngati abwera kudzandichotsa m'nyumba mwanga chifukwa cha matenda, adye chakudya cha matendawo.

Nthutumba ndinaitsuka bwino n'kuiphikira pamodzi. Alangizi anandiuza kuti nthutumba ndi ya mwini nyumba, ndipo mkazi akaidya ndiye kuti walengeza kuti pakhomopo palibe mwamuna. Zaka zinayi ndinkaiika pamwamba penipeni m'mbale ya amuna anga, ndili chogwada.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, alamu ali m'yunifolomu ya ku tchalitchi. Mtsikanayo anali wamng'ono, wamanyazi, atanyamula kachikwama ka zovala. Kachikwamako n'kamene kanandibaya.

"Mulamu, uyu ni mwana wa ku chechi kwathu," anatero alamu. "Azankalako pano. Thupi yanu ija siifuna vinchito vambili."

Ndinawasambitsa m'manja onse mwaulemu, n'kuvundukula mbale. Alamu anasuzumira.

"Nanga chikumba chili kuti? Nkhuku ili chabe so? Na nsima ni ya lola?" Ankanena mgaiwa uja.

"Ni vamene banatiuza ku kiliniki, ba mulamu," ndinayankha. "Muno tidya so."

Kenako, m'malo mogawira amuna anga, ndinakhala pampando, n'kupisa m'mbale ya nkhuku, n'kutola nthutumba. Ndinaiviika mumsuzi. Ndinailuma maso anga ali pa amuna anga, n'kutafuna mosafulumira. Inali yofewa, jinja atalowerera bwino. Sindinadyepo kanthu kokoma chotero, ndipo sindikunama, ndinamva bwino mumtima.

Amuna anga dzanja linangouma m'mwamba, nthongo ya nsima ili m'manja. Alamu ndi amene anakuwa.

"Iwe! Wadya chani? Banakufunda bandani iwe?"

"Bamene banafunda imwe," ndinatero, kunena alangizi. "Mwamuna wa pa nyumba angayende ku kiliniki na mkazi wake. Sangatume alongo bake kumusakilila mkazi wina."

Mtsikana uja anayang'ana amuna anga, anayang'ana alamu, n'kufunsa, "Ba anti, si munakamba ati bamai aba bavomela?" Anasamba m'manja, n'kutola kachikwama kake, ulendo. Iyeyo sindimusungira kanthu kukhosi.

Sabata isanathe akuluakulu a kwa amuna anga anakhala pansi. Za mtsikanayo sanazikhudze, za ku kiliniki sanazikhudze. Mlandu unali nthutumba. Anagamula kuti ndigule nkhuku yamoyo, ndipite nayo kwa alamu ku Matero, ndikagwade n'kupepesa, apo ayi ndibwerere kwathu. Amuna anga anali pomwepo, maso pansi. Ndinadikira kuti atsegule pakamwa, anene ngakhale liwu limodzi lokha. Ndinkawakondabe amuna angawa, n'chifukwa chake zinandiwawa. Anangokanda m'mutu.

Nkhuku ndinagula ndithu, tambala wamkulu wofiira, pamsika wa ku Chawama. Amuna anga ataona ndikumumanga miyendo ndi chingwe anapumira m'mwamba, mpaka anandiperekeza pokwerera basi. M'tauni, pamene makondakitala ankakuwa za Matero, ndinawadutsa, tambala ali m'khwapa, n'kukwera ya ku Mtendere, kwa amayi anga.

Amayi atandiona pakhomo anayang'ana tambalayo, anayang'ana ine. Anangolowa m'nyumba kukatenga mpeni.