Chipinda Nambala Wani

Tsiku lina akadzamalemba mbiri ya anthu amene anateteza nyumba zakale za dziko lino, dzina langa lidzakhala pamwamba, mwina ndi chithunzi chomwe. Ndikungopempha olembawo kuti asadzafufuze chimene chinandichititsa. Ndinkamva kuzizira basi.

Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Lobi. Anamanga ndi agogo aamuna, bambo awo a amayi, ndipo sanamangire banja. Inali resitihausi ya anthu odikira basi ya m'mawa. Makoma ake ndi a njerwa zootcha zomangira dothi, okhuthala moti pawindo munthu umakhalapo ngati pa benchi. Zipinda zilipo zisanu zondondozana, chilichonse ndi chitseko chake chotulukira pakhonde, nambala ili pamwamba. M'kati mulibe khomo lolumikiza, ndiye kukapempha mchere kwa amayi ndi ulendo wapanja. Nambala Wani, m'mene agogo ankalandiriramo alendo, ndi chokhacho chili ndi chumuni ndi posonkhera moto. Chinali changa.

Ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti zakwana. Pobwera ndinapeza amuna awo a achemwali, mkamwini wa pakhomo pano, atalowa m'chipinda changa. Katundu wanga anali mu Nambala Faifi pamodzi ndi matumba a mbatata ya kachewere. Nditadandaula, alamuwo anandiyankha akuwotha moto wanga. Anati mbatata imasungika bwino pozizira, choncho nanenso sindiwola.

"Digiri ikadzafika, alamu, tidzakusunthirani," anatero.

Juni yense ndinagona nditavala jekete, ndikuganiza.

Pakhoma loyang'ana kumsewu panali zilembo za agogo, zofufutika, zooneka pokhapokha mvula ikanyowetsa khomalo. Ndinauza amayi kuti n'zamanyazi dzanja la bambo awo kuzimiririka ife tikuyang'ana. Amayi analengeza misozi, nandilola. Ndinatsata chilembo chilichonse mwaulemu wonse, osawonjezera kanthu: MALO OGONA ALIPO. FUNSANI PA NAMBALA 1. Kamuvi kolozera chitseko kanalipo kale. Ndinangokanenepetsa pang'ono.

Inali nyengo yokumba mbatata, ogula ochokera ku Lilongwe ali ponseponse ndi malole awo. Oyamba anagogoda Lachiwiri dzuwa litapendeka, anthu atatu ndi sikelo yawo. Alamu anawauza kuti bizinesiyo inatha kalekale. Amayi, amene cha pakhonde sichiwadutsa, anatuluka n'kunena kuti pakhomo pa bambo awo sipanabwezedwepo mlendo, ndiponso mlendo sagonekedwa kozizira. Ndalama anakana. Achemwali anakagona kwa amayi. Alamu anatsala pamoto ndi alendo, mmodzi atavula kale nsapato.

Lachinayi kunabwera asanu. Loweruka kunafika bambo wina ndi mbuzi ziwiri, amene anakumbukira kuti bambo ake anagonapo m'chipinda chomwecho, ndipo anafotokozera alamu ulendo wonsewo kuyambira pokwera basi.

M'mawa mwake alamu anandipeza atanyamula ndowa ya laimu, ati tifute zilembo zija. Ndinawauza modzichepetsa kuti munthu wosiya sukulu ndilibe mawu pa nkhani zazikulu, akapemphe okha kwa apongozi awo kuti afufute dzanja la malemu. Anaima kanthawi akuyang'ana chitseko cha amayi. Mkamwini amadziwa polekezera mwendo wake. Ndowa inabwerera yodzaza.

Sabata yachitatu ndinawapeza akukoka matiresi pakhonde, kudutsa Thuu, Fili ndi Folo. Ndinawagwirirako mbali imodzi, poti ndinaleredwa bwino.

"Mwasamuka, alamu?"

"Tengani chipinda chanucho."

"Musadandaule," ndinatero. "Simuwola."

Lero ndimagona pamoto. N'zoona kuti ndimagona ndi ogula mbatata, ndipo pali wina wa ku Linthipe amene amaliza mkonono ngati chigayo. Koma m'mawa uliwonse alamu amadutsa pakhonde atavala majekete awiri, ndipo ndimawapatsa moni kudzera pawindo, ndili chikhalire pakhoma la agogo. Amayi akuti ndinatengera mtima wa bambo awo.

Ntchito yonseyi yoteteza chikhalidwe inandidyera K2,000 ya kachitini ka penti wakuda. Burashi inali ya alamu.