Peyala la Amayi

Akazi anga amakolopa m'mawodi kuchipatala kuno ku boma la Mwanza. Ntchito yawo ndi ya magolovesi tsiku lonse. Patapita zaka manja anayamba kuwayabwa, timatuza mbwee mpaka m'mikono. Adokotala anati thupi lawo ladana ndi labala wa magolovesiwo, ndipo anawasinthira ena. Koma anawonjezera mawu amene ine ndinaseka nawo: asiye nthochi, mapapaya ndi mapeyala, chifukwa thupi likadana ndi labala limatha kudananso ndi zipatso zimenezi. Ndinati aa, peyala ndi golovesi pali chibale chanji? Iwo sanaseke, poti nthochi inali itayamba kale kuwakanda kukhosi.

Amayi anga amakhala ku Thambani. Mapeyala akakhwima ankakwera pikapu, dengu pamiyendo, kubwera nawo kwathu. Loyamba ankasenda okha, kulikanya m'mbale ndi shuga, n'kupatsa mpongozi wawo pamanja. Ine mwana wobala okha ndinkadikira. Umu ndi mmene ankanenera kuti amamukonda, poti ndi pakamwa sangathe.

Mapeyala atakhwimanso, ndinali nditalonjeza akazi anga kuti ndiwauziratu amayi pafoni za mawu a adokotala aja. Sindinaimbe. Ndinkati ndiwauza akafika. Atafika ndinati ayambe apuma. Mpaka mbale inafika m'manja.

Akazi anga anagwada, analandira ndi manja awiri, n'kuiika pansi. "Pepani amayi, adokotala anandiletsa."

Amayi anayang'ana ine. "Iwe, ndi dokotala uti amaletsa peyala? Si akazi ako omwewa ankanyambita supuni chaka chatha? Kapena mwamva zoti ndimathira mankhwala m'zakudya?"

Kwathu kukana chakudya chimene munthu wakupatsa pamanja si nkhani yamasewera, ndiye kuti ukumukayikira. Ndipo amayi anali ndi bala kale: bambo atamwalira, ena kumudzi anawanena za ufiti. Ndinayesa kufotokoza za labala zija, koma ine mwini sindinkazikhulupirira, ndiye mawu ankangotuluka ozizira. Amayi anaimirira, kumanga chitenje, kufunsa kumene angapeze pikapu yobwerera.

Ndinatembenukira akazi anga. "Amake mwana, tangolawani pang'ono nkhani ithe. Supuni imodzi simungafe nayo."

Anandiyang'ana. Kenako anatola mbale ija n'kudya.

Sipanatenge nthawi. Milomo inatupa, maso kutsekeka, kupuma kumangolira ngati likhweru. Mayo ine! Ndinathamanga wopanda nsapato kukagogoda kwa aneba a galimoto. Kuchipatala anzawo a kuntchito anawalandira chothamanga, kuwabaya jakisoni. Nesi wina wachikulire anandiima kutsogolo. "Bambo, inu simunkadziwa?" Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndinati ndinkadziwa.

Amayi ndinawapeza pabenchi panja. Ananditambasulira zikhato. "Taona mwananga, ndinasamba m'manja. Shuga ndinatenga m'nyumba mwanu momwemo." Ndinawauza kuti si iwo, wolakwa ndine. Nesi uja anawafotokozera. Akazi anga atapeza bwino anawagwira manja n'kuwauza zomwezo. Amayi anangoti, "Ndamva."

Akazi anga anandikhululukira, ngakhale tikayambana amaitulutsa nkhaniyi, ine n'kungovomera chifukwa akunena zoona. Koma za amayi zimandiwawa mpaka lero. Ndinkathawa kuwakhumudwitsa tsiku limodzi lokha, taonani zimene ndinawasiyira. Masiku ano amabwera chimanjamanja, ndipo kukhitchini kwathu salowako, amati mawondo akuwawa.

Mwezi watha anabwera kudzaona mdzukulu. Tikudya, akazi anga anatsamwa, n'kuyamba kutsokomola. Amayi ndi amene anali pafupi ndi ndowa. Anatunga madzi msangamsanga, koma asanapereke anaima. Anamwako kaye okha, tonse tikuona, kenako n'kumupatsa mpongozi wawo kapu ija.