Azakhali ku Manda a Bishopu Mungo

Tinanyamuka ku Springburn cha m'ma 10 koloko, kamvula kakuwaza, ine nditatopa kale. Azakhali anga a Nachisale anabwera kudzaona manda a mwana wawo Yohane, amene tinamuika kuno ku Glasgow chaka chatha, ndipo sabata yonse nyimbo inali imodzi: afukulidwe, akagone kwawo ku Dedza. "Kuno adzamusesera ndani?" Mutu utaima, ndinaganiza zokawaonetsa manda a Mungo Woyera, bishopu amene anadzala mpingo mumzinda uno zaka zoposa chikwi zapitazo.

M'basi anayamba kunenerera mtengo ngati ali pa minibasi ya kumudzi. "Umuuze dalaivalayo atichotsereko, tilipo awiri." Ndinagunditsa khadi msangamsanga, manyazi atandigwira.

Titatsika pa Castle Street anaima njii pageti la tchalitchi cha Mungo. Bwalo lake ladzaza miyala ya manda yogonekedwa pansi, ndipo anthu ankangopondapo, wina akudya tchipisi.

"Iwe Tadala, kumanda timangolowa ngati mumsika? Eni ake tawapempha?"

"Azakhali, kuno kulibe zimenezo."

"Ndiye ine sindilowa."

Ndinapsa mtima zedi. Mvula inakula, mphepo n'kundipindira ambulera, iwo ali chiimire. Ndinakaitana bambo wina wachikulire woonetsa alendo malo, n'kumunong'oneza kuti angonena kuti lowani. Azakhali anapinda maondo n'kumuwombera m'manja. Bamboyo anavula chipewa, natitsogolera molambalala mwala uliwonse, ine ndikunyowa pambuyo.

Pamene pagona Mungo ndi m'chipinda chapansi pa tchalitchi, pamanda atayalapo nsalu yokongola. Bamboyo anafotokoza za kambalame kamene amati bishopuyu anakaukitsa. Ine ndinalimbikira kumasulira, koma azakhali analibe nazo ntchito. Anapititsa chala pamwala n'kuchiyang'anitsitsa.

"Tamufunsa, abale ake alipo?"

"Akuti palibe."

"Nanga akusesa ndani?"

"Akuti anthu a mumzinda muno."

Azakhali anatembenuka, tinatuluka. Pobwerera, m'basi, anamasula kampango n'kundigawira mandasi ozizira. M'pamene ndinazindikira kuti sabata yonse ine ndinkalimbana nawo za malamulo ndi ndege, pamene iwo funso lawo linali lija lomweli la kusesa.

Tikuyandikira Springburn anandigwira dzanja. "Yohane musiyeni agone. Koma mawa undipezere tsache, ndikayambe ineyo."