Penti pa benchi la a Msasa

Dzina lawo lenileni analidziwa ndi olemba ziphaso okha. Ena onse mumsewumo ankangoti a Msasa, dzina la pepala losalalitsira matabwa, chifukwa chinthu chilichonse chokhakhala akachiona ankafuna kuchisalalitsa. Anagwira ukalipentala zaka makumi anayi, ndipo atapuma anagulitsa zonse zimene anapanga kupatula benchi limodzi ndi mipando iwiri ya mkungudza. Zimenezi zinkakhala pabwalo, kunsi kwa zenera la kukhitchini.

Akazi awo ankadandaula kwa aliyense wofuna kumva. "Ine ndikatsokomola amati imwani madzi. Benchi likangolira pang'ono, amadzuka ndi liwiro."

Sankanama. Loweruka lililonse a Msasa ankalitsuka ndi madzi a sopo ofunda ndi burashi yofewa, motsatira mizere ya thabwa. Miyendo ankaikhazika pa timiyala kuti isamwe madzi a pansi, ndipo mvula isanayambe ankapaka mafuta pang'ono ndi kansanza. Mlendo akabwera ndi makiyi m'thumba lakumbuyo ankamuuza kuti awatulutse kaye, pakuti mkungudza ngakhale chiswe chimauthawa ndiponso suwola msanga, ndi wofewa, sumachedwa kukandika. Koma ulaliki wawo waukulu unali wa penti.

"Mkungudza ukakhala padzuwa umachita imvi ngati munthu. Imvi si matenda. Mukaupaka penti mwautsekera chinyezi m'kati."

Ana awo aamuna awiri anaumva ulalikiwu mpaka kuuloweza, ndipo akangoona chidebe cha madzi a sopo ankakumbukira kuti ali ndi kopita.

Chaka chatha a Msasa anawachita opaleshoni ya msana, nagona m'chipatala milungu itatu, akazi awo ali pambali. Amene ankayenda ulendo wa kuchipatala tsiku ndi tsiku, ndi chakudya ndi zovala zochapa, anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamng'ono. Anali atangotha miyezi inayi pakhomopo, akadali wamanyazi, wolankhula ngati akupepesa. Powatulutsa, adokotala anati za kuwerama aiwale. A Msasa anangoti chabwino, koma njira yonse ankaganiza za amene adzatsuke benchi.

Galimoto itaima pakhomo analiona. Linali lobiriwira, lonyezimira ngati chitseko cha sitolo yatsopano.

Mbiri inali itafika kale kwa anansi. Mayi wa pagolosale anatseka zenera lake masanasana nkudzatsamira pampanda, ati kudzalandira wodwala. Akazi a a Msasa anagwira pakamwa. Mwana wawo wamng'ono uja anatsegula buti ya galimoto nkuyamba kufunafuna katundu amene anali atatsitsa kale.

Mpongozi anafika akupukuta manja, penti ili m'zigongono. "Ababa, ndinaona kuti latuwa, ndiye ndinati mukabwera mulipeze lokongola. Mipando yokha penti inandithera."

Mawu anakwera mpaka pakhosi. A Msasa ankadziwa kuti akangowatulutsa monga mwa masiku onse, mwanayu sadzakwezanso maso pakhomo pano. Anayandikira ndi ndodo yawo pang'onopang'ono kuti mtima ukhale pansi. Anayendetsa chala pathabwa. Panalibe pamene penti inadontha, ndipo burashi inayenda motsatira mizere popanda womuuza.

"Kunsi komwe mwapaka?"

"Eee, kawiri."

Zaka zonsezo panalibe wa m'nyumbamo amene anagwirapo benchilo osatumidwa, kupatula pokhalapo. A Msasa anatembenukira kwa mpongozi.

"Mwanangu, zikomo. Za kuchipatala zija ndi izi zomwe, zikomo. Dzanja muli nalo. Koma ndisakunamizeni, mkungudza sufuna penti."

Nkhope ya mpongozi inagwa, misozi ili pafupi.

"Ayi, ayi, mlandu si wanu. Wolakwa ndi uyo walowetsa mutu m'galimotoyo. Iwe! Sunamuuze mkazi wako?"

"Ndinali kuntchito, bambo."

"Kawiri konse? Katenge chopalira m'bokosi langa, ndipo usathamange, ungatuluke thukuta koyamba."

Chopalira chitabwera anachipereka kwa mpongozi, namulozera pakona. Iye anapala mwamantha. Penti inasendeka, imvi zija zinachoka nayo, ndipo panaoneka thabwa lofiirira ngati ladulidwa dzulo. Anawerama nkununkhiza.

"Iii, ababa! Likununkhira ngati pensulo yatsopano!"

"Lakhala padzuwa ndi pamvula inu musanabadwe limeneli. Palani ndithu, koma mosakanikiza."

Mayi wa pagolosale anabwerera kukatsegula zenera lake atakhumudwa, nauza makasitomala kuti opaleshoni ija inachotsa ndi ukali womwe.

Kupalako kunatenga Maloweruka anayi. A Msasa ankakhala pampando akulozera ndi ndodo, mpongozi akufunsa mafunso amene ana awo sanafunsepo: bwanji misomali yachitsulo imadetsa thabwali, bwanji mpando waukulu chonchi umanyamulika ndi dzanja limodzi. Manyazi aja anasendeka limodzi ndi penti. Pofika Loweruka lachinayi anali akuwatsutsa za kuchuluka kwa sopo.

Tsiku lomwelo akazi awo anabweretsa tiyi, a Msasa nkuika kapu padzanja la mpando. Mpongozi sanatembenuke nkomwe.

"Ababa, kapu yotenthayo isiya chizindikiro. Ichoke."

A Msasa anainyamula msangamsanga, naigwira m'manja ikuwatentha mpaka tiyi anatha.