Nkhululu Yosathyoledwa Miyendo

Azakhali anga a Maluwa anayamba kukumba nkhululu ali mtsikana. Mvula ikagwa amalawirira ndi kakhasu kumunda kwawo, m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, kukasaka timilu ta dothi latsopano pakamwa pa mauna. Akaigwira nkhululu, zala zawo zimathyola miyendo yakumbuyo ndi kuthothola mapiko maso asanaione n'komwe, kuti isathawe m'chitini. Akakazinga amakagulitsa pamsika wa Namadzi.

Kwa zaka zambiri ankanena kuti pafupi ndi mwala waukulu wa m'munda mwawo pali nkhululu ya mtundu wina, yaing'ono, yofiirira, yolira ndi mawu osasa. Anzawo apamsika ankangowaseka.

"Amwali, mumakumba ndiwo kapena mumaphunzitsa kwaya?" ankatero a Margret, ogulitsa tomato.

Chaka china kunabwera a Kalinde, ofufuza za tizilombo, akufunsa ogulitsa za mitundu ya nkhululu. Azakhali anawauza za yofiirira ija, ndipo mawa lake anawabweretsera zingapo. A Kalinde atavundukula chitini anagwira pakamwa.

"Mayi, mapiko ali kuti?"

"Kwanuko mumadya ndi mapiko omwe, bambo?"

A Kalinde anaseka, kenako anafotokoza, ine ndikumvetsera kumbuyo kwa azakhali. Anati mwina umenewu ndi mtundu womwe sunalembedwepo. Koma kuti mtundu upatsidwe dzina la sayansi, pamasankhidwa kachilombo kamodzi, n'kusungidwa mosamala, ndipo dzinalo limakhala pa iko. Munthu wa dziko lililonse akadzakayikira ngati nkhululu yake ndi ya mtundu umenewu, adzaiyerekeza ndi imodzi yomweyo, ngakhale tonsefe titamwalira kalekale. Anati chosiyanitsa chachikulu chili pa mapiko a yaimuna, amene imakhutiza polira. Popanda mapiko, mawu a azakhali akanakhalabe nkhani yoseketsa pamsika. Nthawiyo mvula inali ikutha, ndipo ikatha nkhululu zimasowa.

M'mawa mwake ndinawatsatira azakhali kumunda. Yoyamba atangoigwira, thyo! Miyendo ili pansi. Anayang'ana zala zawo ngati za munthu wina.

"Manja awa ndi agonthi," anatero.

Yachiwiri inathera momwemo. Tinazungulira mwala wonse mpaka dzuwa linayamba kuwawa, ndipo kamulu katsopano kanangotsala kamodzi. Azakhali anakhala pansi. Anakulunga dzanja lawo lamanja m'nsonga ya chitenje, n'kumanga mfundo ndi mano. Anakumba ndi lamanzere, pang'onopang'ono, thukuta lili chuchuchu. Nkhululu itatulukira, ndinaona dzanja lomangidwa lija likulimbana ndi nsalu, likufuna kuigwira. Anangotchera chitini pakamwa pa una, n'kudikira. Inalowa yokha. Inali yaimuna, mapiko ake akunyezimira ngati chikopa chopakidwa mafuta.

A Kalinde anapita nayo. Panapita nthawi yaitali, mpaka a Margret anayambiranso nthabwala zawo. Kenako a Kalinde anatulukira pamsika ndi chithunzi mufoni. Nkhululu ija inali m'bokosi lovundikira ndi galasi, yobayidwa ndi kasingano, miyendo yonse ili m'malo mwake. Pansi pake panali kapepala koyera kotchula malo ndi dzina la amene anaigwira, komanso kofiira, kosonyeza kuti iyi ndiyo yosenza dzina la mtundu wonse.

A Margret anapukuta manja asanagwire foni. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti kwaya ija inaliko ndithu," anatero motsitsa mawu.

Azakhali anatenga foniyo. Maso awo anali pa chithunzi.

"Abale ake ndawakazinga osawerengeka," anatero, "koma iyi idzakhalapo ine nditapita."

Mpaka lero amakumbabe, ndipo miyendo amathyolabe, chifukwa ndiwo ndi ndiwo. Koma ndimawaona: asanathyole amayamba aitembenuza nkhululu padzanja, n'kuiyang'ana kumapiko.